Kodi Tchimo Logawana Anthu Chikwi ndi la Yani?

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse kukhale kwa Allah, amene anazika mapiri athu a Angónia, natsitsira mvula pamwamba pake, naiyendetsa m'mitsinje kufikira kwa anthu akutali amene sitinawaonepo nkhope. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

E inu akapolo a Allah, tikulangizana tonse kuopa Allah poyera ndi mseri, pakuti palibe chinthu chaching'ono chimene chidzasowe m'kaundula wa tsiku la Qiyama.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, lero tabwera ndi funso limene limaoneka lopepuka pakamwa koma n'lolemera pa sikelo. Munthu akaba mbuzi, tchimo limakhala ndi mwini wake, ndipo mudzi wonse umadziwa khomo loti ukagogode. Koma pali zoipa zina zimene sizichitidwa ndi dzanja limodzi. Wina wataya jumbo imodzi m'mbali mwa msewu. Wogulitsa kachewere wakhuthulira zowola m'ngalande ya pamsika. Woumba njerwa wagwetsa mtengo umodzi m'mphepete mwa mtsinje kuti awotchere uvuni wake. Wobwera kumene wakumba chimbudzi pafupi ndi chitsime cha anzake chifukwa malo ake ndi opanikizika. Aliyense wa iwo anganene, ndipo osanama, kuti chimene wachita n'chochepa. Koma mvula ya Januwale ikatsika, ngalande yotsekeka imasefukira, madzi amanyamula zonyansa n'kukazitsanulira m'chitsime, ndipo patapita masiku owerengeka mwana wa wina amatsekula m'mimba mpaka kutsirizika. Palibe amene anamugwira mwanayo, komabe iye wagona m'manda. Nanga pamaso pa Allah mlanduwu udzakhala wa yani?

Funso limeneli makolo athu silinkawavuta kwambiri. M'mudzi wa nyumba makumi atatu aliyense ankadziwa dzala la mnzake, ndipo nyakwawa ankatha kuitana woipitsa chitsime pomutchula dzina. Koma malo athu asintha m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi. Ambiri mwa akuluakulu amene mwakhala pano mukukumbukira zaka zimene nkhondo inabalalitsa anthu a kuno, n'kukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu pakati pa anthu oposa miliyoni imodzi amene dziko la Malawi linawasunga. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, minda inatsegulidwanso, ndipo malonda a chimanga, nyemba, kachewere ndi fodya anayamba kuyenda pamsewu wa ku Mussacama ndi pachipata cha Calómuè. Ulónguè, umene kale unkatchedwa Vila Coutinho, unakula mpaka mu 2008 unapatsidwa khonsolo yakeyake. Zonsezi ndi chisomo, ndipo tikuyamika Allah chifukwa cha izo. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tawuni imabwera ndi msika, sukulu ndi chipatala, imabweranso ndi mulu wa zinyalala, utsi wa mauvuni, ndi nyumba zothinana zimene zimamangidwa mofulumira kuposa mmene mipope ndi ngalande zingafikire.

Tikayang'ana kumunsi kwa mapiri athu, tiona chithunzi cha kumene ulendo wotere umapita. Mzinda wa Tete unali ndi anthu oposa 150,000 pa kalembera wa 2007, koma pofika 2017 anali atapitirira 300,000. Malasha a ku Moatize, amene anayamba kukumbidwa mochuluka mu 2011, anakoka anthu ochokera mbali zonse. Anthu amenewa amaphika tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amaphikira makala ochokera m'nkhalango za m'maboma ozungulira. Ambiri osauka anamanga m'zigwa za m'mphepete mwa madzi chifukwa ndiko kumene malo anali otsika mtengo. Tsono taganizirani mtsinje wa Revúboè, umene umayambira kumapiri kuno kumpoto n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu Malichi 2019 unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu. Mu Januwale 2022, pa namondwe wa Ana, unadzazanso mpaka unagumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Madzi amene anachita zimenezi, ena mwa iwo anayamba agwa pa minda yathu ndi pa zitunda zathu.

Phiri lokhala ndi mitengo ndi udzu limamwa mvula pang'onopang'ono. Masamba amaphwanya mphamvu ya madontho, mizu imatsegula njira m'dothi, ndipo madzi amalowa pansi n'kumatuluka m'akasupe mpaka m'chilimwe. Phiri lometedwa limakana madzi ngati denga la malata. Amatsika onse tsiku limodzi atasenza dothi lachonde, n'kukakwirira mtsinje ndi mchenga, ndipo mtsinje wosazama susunga madzi ake m'njira. Motero mtengo umene wagwa ku Dómuè uli ndi mawu pa nyumba ya mayi wamasiye wa ku Chingodzi, ngakhale wodulayo ndi mayiyo sadzakumana pa dziko lino.

Mizinda ina yatiphunzitsa zomwezi ndi misozi. Ku Maputo, mu Febuluwale 2018, phiri la zinyalala la ku Hulene linagumuka usiku mvula itagwa, n'kukwirira nyumba zoyandikana nalo, ndipo anthu 17 anafa. Phirilo silinaunjikidwe ndi munthu mmodzi. Linakula kwa zaka zambiri, thumba pamwamba pa thumba, kuchokera m'nyumba za anthu amene sanafikepo n'komwe ku Hulene. Ku Blantyre, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba za ku Chilobwe zimene zinamangidwa motsamira phiri lopanda mitengo. M'nyengo yomweyo kolera inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo kuno kwathu inayambira ku Niassa mu 2022 n'kufalikira m'zigawo zina, kuphatikizapo Tete. Kachilombo ka kolera kamatuluka m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'kamwa mwa wamoyo kudzera m'madzi ndi chakudya. Njira yake ndi yomwe ija timaitsegula tonse pang'onopang'ono.

E inu akapolo a Allah, Sharia siinasiye funso ili lopanda yankho. Maulama athu anagawa faradhi m'magulu awiri. Pali faradhi aini, yomwe ili pakhosi pa munthu aliyense payekha, monga Swala zisanu ndi kusala m'mwezi wa Ramadhan, ndipo palibe angam'chitire mnzake. Palinso faradhi kifaya, yomwe ili pakhosi pa gulu lonse. Ikachitidwa mokwanira ndi ena, onse amamasuka. Koma ikasiyidwa, tchimo limagwera aliyense amene ankadziwa ndipo akanatha kuchitapo kanthu. Taonani nzeru ya lamuloli: tchimo la gulu silidulidwa zidutswa chikwi kuti aliyense atenge kachidutswa kosaoneka. Kuchuluka kwa anthu sikulichepetsa. Aliyense amafunsidwa molingana ndi kudziwa kwake ndi mphamvu zake.

Chitsanzo chimene tonse timachidziwa ndi janaza. Msilamu akamwalira, kumusambitsa, kumuveka sanda, kumuswalira ndi kumuika m'manda ndi faradhi kifaya, ndipo pa ichi Asilamu a kuno sachedwa. Uthenga ukangomveka, ogulitsa amatseka mashopu, achinyamata amanyamula makasu, amayi amasonkhana pa siwa, ndipo palibe amene amati malirowa ndi a boma. Koma faradhi kifaya siithera kumanda. Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, polemba buku lake la Ihya Ulum al-Din anaika udokotala, masamu, ulimi ndi kuomba nsalu m'gulu lomweli, chifukwa ndi zinthu zimene moyo wa anthu sungayende popanda izo, ndipo mudzi wopanda wozidziwa umakhala pangozi. Ngati kuchiza wodwala kuli udindo wa gulu, kodi kutseka njira imene matendawo amadzera kungakhale kunja kwa udindowo? Taganizirani za gulu la anthu limene limasambitsa mwana womwalira ndi madzi oyera mwaulemu wonse, koma chitsime chimene chinamupha n'kuchisiya chili chomwecho kudikira mwana wotsatira. Gulu lotere lakwaniritsa faradhi yomaliza n'kusiya yoyamba.

Mtumiki, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, analetsa kuchita chimbudzi pamalo otungapo madzi, panjira ya anthu ndi pamthunzi pamene anthu amapumulira. Anaphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi gawo la chikhulupiriro, ndi kuti mtengo umene Msilamu wabzala umalembedwa sadaka nthawi iliyonse munthu, mbalame kapena nyama idyako. Analetsa kuwononga madzi ngakhale pochita wudhu. Anapatula dera la Naqi' pafupi ndi Madina kuti likhale lotetezedwa, ndipo Umar, Allah asangalale naye, anachita chimodzimodzi ku Rabadha. Uthman, Allah asangalale naye, anagula chitsime cha Ruma n'kuchipereka kuti anthu azitunga mwaulere. M'mizinda yakale ya Asilamu munkakhala muhtasibu, mkulu woyendera misika ndi misewu, amene pamodzi ndi kuyesa masikelo ankaonanso kuti zonyansa zisatayidwe panjira. Choncho kusamala tawuni ndi nkhani yakale m'chipembedzo chathu. Chatsopano ndi kuchuluka kwa anthu ndi mtundu wa zinyalala basi.

Tikudziwa kuti mitima ina ili ndi mayankho, ndipo ndi bwino tiwamve. Wina anena kuti chigumula ndi mliri ndi chikonzero cha Allah, munthu sangazitchinge. N'zoona kuti palibe tsamba logwa popanda chilolezo Chake. Koma Umar atamva za mliri wa ku Amwas ali paulendo wa ku Sham, anabweza gulu lake, ndipo kwa amene anadabwa anafotokoza kuti kubwererako nakonso kunali mkati mwa chikonzero cha Allah. Mvula ndi ya Allah, ndipo kuchuluka kwake sitikulamulira. Koma jumbo imene yatseka ngalande inagwa m'dzanja la munthu, ndipo za dzanja limenelo ndi zimene tidzafunsidwe.

Wina anena kuti imeneyi ndi ntchito ya boma ndi khonsolo, popeza timalipira misonkho pamsika. Pamenepa pali choonadi chachikulu. Kupatula malo otayirako zinyalala kutali ndi madzi, kuyendetsa galimoto yozitola, kukumba ngalande, kugawa malo omangapo nyumba mwadongosolo ndi kuletsa kumanga m'madambo, zonsezi munthu wamba sangazithe. Wapatsidwa mphamvu zambiri adzafunsidwa zambiri, ndipo mkulu amene walandira chiphuphu n'kuloleza nyumba m'njira ya madzi wasenza katundu wolemera kuposa womangayo. Makampani a migodi ndi a fodya amene amapindula ndi nthaka ya chigawo chino nawonso ali ndi gawo lofanana ndi phindu lawo. Malamulo alipo. Dziko lathu lili ndi lamulo la zachilengedwe la 1997, ndipo mu 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikironi 30 ndi kugawa majumbo mwaulere m'mashopu. Koma lamulo la faradhi kifaya likuti amene anapatsidwa ntchito akalephera, udindo umabwerera kwa gulu. Umabwerera m'njira ziwiri: kuchita zimene manja athu angathe, ndi kukumbutsa olamulira mwaulemu, molimba mtima ndiponso mosatopa. Kukhala chete pa msonkhano wa bairo n'kukadandaulira pakhonde sikuchotsa tchimo.

Wachitatu ndiye amene yankho lake liyenera kutigwira mtima. Iye akuti: ndikaleka kuwotcha makala, ana anga adya chiyani? Chisilamu sichiseka njala ya munthu, ndipo Sharia imapepuza wopanikizika pa mlingo wa kupanikizika kwake. Tisafulumire kuloza chala mnyamata amene akukankha njinga ya matumba atatu a makala pamsewu wa phula. Makalawo akupita kukhitchini ya yani? Njerwa zowotchedwa ndi nkhuni za m'mphepete mwa mtsinje zikumanga mpanda wa yani? Mitengo ya zigafa za fodya ikudulidwa chifukwa cha phindu la yani? Kawirikawiri wosauka amagwira nkhwangwa, koma amene wailamula ndi ndalama ya wogula. Wosaukayo ndiyenso amayamba kulira, chifukwa ndiye amakhala kumunsi kwa ngalande, amamwa pachitsime chosatetezedwa, ndipo alibe ndalama ya galimoto yothamangira kuchipatala usiku. Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma m'matawuni athu zatembenuka: akudya ndi akulu, akupotedwa ndi ana. Choncho gawo lalikulu la faradhi imeneyi lili pa ife amene Allah watipatsa mashopu, magalimoto, maphunziro ndi mawu omveka pamaso pa akuluakulu.

Tikupempha chikhululuko kwa Allah, ife ndi inu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa konse kukhale kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo athu, faradhi kifaya imakwaniritsidwa pamene anthu odziwika mayina atenga ntchito yodziwika pa tsiku lodziwika. Pa janaza timadziwa amene amasambitsa, amene amasunga sanda ndi amene amatsogolera okumba manda. Tiyeni tiyale nkhani ya madzi ndi zinyalala mwa dongosolo lomwelo.

Tiyambire pa mzikiti, chifukwa sitingalangize msika pamene khomo lathu likutitsutsa. Komiti ya mzikiti uliwonse iyendere zimbudzi zake ndi malo ochitira wudhu, ione kumene madzi ake amathera. Madzi a wudhu asayenderere mumsewu n'kukhala chithaphwi choswanirana udzudzu. Akumbiridwe dzenje la miyala, kapena alunjikitsidwe ku nthochi ndi mitengo ya zipatso. Pa sadaka, pa ukwati ndi pa futari ya Ramadhan tibwerere ku mbale zotsukidwa m'malo mwa mapulasitiki otaya.

Pakhomo, chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime ndiponso patali mamita osachepera 30, chikhale ndi chivundikiro, ndipo pakhomo pake pakhale madzi ndi sopo kapena phulusa. M'nyengo ya mvula madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala monga Certeza. Wina akayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi, apatsidwe madzi a mchere ndi shuga a kuchipatala ndipo athamangitsidwe msanga, chifukwa kolera imatha kupha m'maola ochepa. Zinyalala zipatulidwe. Makoko, masamba ndi zotsala za chakudya ndi manyowa amene minda yathu ikuwalira pamene feteleza wakwera mtengo. Mapulasitiki asawotchedwe pafupi ndi nyumba, popeza utsi wake umavulaza chifuwa cha ana, ndipo mabotolo a mankhwala opopera kachewere ndi tomato asatsukidwe mumtsinje kapena kusandutsidwa zotungira madzi.

Kwa amalonda athu, mlongo ndi mbale wa shopu, jumbo iliyonse imene imatuluka pakhomo la sitolo yanu imakathera kwina. Limbikitsani ogula kubwera ndi dengu kapena thumba lansalu. Ikani mgolo wa zinyalala pakhonde panu ndipo gwirizanani ndi oyandikana nawo za kumene uzikakhuthulidwa. Ngalande yodutsa kutsogolo kwa shopu yanu ichotsedwe zinyalala mvula isanayambe, m'mwezi wa Okutobala, dothi likadali louma.

Kwa alimi, siyani mpata pakati pa dimba ndi madzi, ndipo m'mpatamo mubzalemo nsungwi, nsenjere, katope ndi mikuyu zimene zimagwira gombe. Kumtunda limani mizere yopingasa ndi kusiya zitsa kuti ziphukire. Amene akumanga nyumba ndipo ali ndi kuthekera aganizire njerwa zosafuna kuwotcha. Amene amaphikira makala ndi nkhuni apeze mbaula yosatha nkhuni zambiri. Kuno ku Ulónguè kuli sukulu ya zaulimi ya Yunivesite ya Zambeze. Achinyamata athu amene amaphunzira kumeneko abweretse nzeru zawo ku madrasa, ndipo madrasa iliyonse ikhale ndi nazale yake ya mitengo. Mtengo wobzalidwa usiyidwe m'manja mwa mwana wodziwika kuti authirire mpaka upirire chilimwe choyamba, chifukwa wobzalidwa pa mwambo n'kuiwalika sudzapereka mthunzi kwa aliyense.

Amene Allah wawapatsa chuma akumbukire chitsime cha Ruma. Mjigo, chimbudzi cha pamsika, kapena kachigawo ka nkhalango kopatulidwa ngati waqfu ndi sadaka yopitirira imene thawabu zake zimamutsata munthu m'manda. Kupereka mpamba kwa wowotcha makala kuti ayambe ntchito ina n'kwabwino kuposa kumudzudzula.

Pomaliza, ife Asilamu kuno ku Angónia ndife ochepa pakati pa anansi athu Achikhristu ndi a miyambo ya makolo. Madzi a m'ngalande safunsa chipembedzo cha khomo limene akulowa, ndipo ufulu wa mnansi m'Chisilamu sudalira chikhulupiriro chake. Mutu umodzi susenza denga. Atsogoleri a mizikiti akhale pansi ndi mafumu, asekeretale a mabairo ndi atsogoleri a mipingo, agwirizane tsiku loyeretsa msika ndi ngalande, ndipo apite limodzi kukhonsolo kukafunsa za malo otayirako zinyalala ndi za madambo amene akugawidwa. Tsiku limenelo likafika, Msilamu akhale woyamba kufika ndi khasu monga mmene amachitira uthenga wa maliro ukamveka.

E Allah, tikhululukireni machimo amene tikuwadziwa ndi amene tinawayesa aang'ono. E Allah, tipatseni mvula ya madalitso, yosagumula nyumba ndi yosakokolola minda. Tetezani ana athu ku kolera ndi malungo. Chitirani chifundo amene anatisiya pa zigumula ndi miliri, ndipo limbitsani mitima ya amasiye awo. Ongolani atsogoleri athu kuti asunge amana imene mwawasenzetsa. Dalitsani Angónia, chigawo cha Tete, dziko la Mozambique ndi maiko oyandikana nafo, ndipo mutichite kukhala anthu amene anansi awo a kumtunda ndi a kumunsi ali pamtendere ndi manja awo. Amin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.